Ulendo wa pa galimoto m'mapiri a Lesotho: mmene mungaukonzere ndi anzanu

Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ili pa mamita 3,002, ndipo amene anafikapo amalidziwa thukuta lake. Ku Lesotho kuli msewu wa tala umene umadutsa pamwamba kuposa pamenepo, munthu uli khale m'galimoto. Dzikoli lazunguliridwa ndi South Africa mbali zonse, ndipo malo ake otsikitsitsa ali pafupifupi pa mamita 1,400. Ife amene tikukhala ku Johannesburg, Pretoria kapena Durban tili nalo pakhomo penipeni, koma ambiri timatha zaka khumi osalipondamo. Ine ndinapitako ndi anzanga atatu, tinalowera ku Sani Pass, msewu wokwera phiri pa malire a South Africa ndi Lesotho, n'kutulukira pa boda ya Maputsoe, ndipo ndikufuna kuti inunso mupiteko, koma mutakonzeka bwino kuposa mmene ife tinachitira.

Choyamba, khalani pansi mukambirane za mapepala

Musanatchule za galimoto kapena malo ogona, itanani onse opita, mukhale pamodzi maso ndi maso, aliyense abwere ndi pasipoti yake. Musachite zimenezi pa gulu la WhatsApp, chifukwa pa gulu munthu amangoti "zili bho" ngakhale zinthu zisali bwino. Nkhani ya mapepala ndi yochititsa manyazi kwa ambiri a ife, ndipo ndi chifukwa chake iyenera kukambidwa msanga komanso mwachikondi.

Vuto si kulowa ku Lesotho. Vuto ndi kutuluka mu South Africa. Kuyambira mu 2014, munthu amene wapitiriza masiku amene anapatsidwa, akafika pa boda potuluka amadindidwa kuti ndi wosafunika m'dzikomo. Ngati wapitiriza ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, akaposa pamenepo zimakhala zaka zisanu. Taganizani mnzanu amene ntchito yake, katundu wake ndi ana ake ali ku Johannesburg, iye watsekeredwa kunja pamwamba pa phiri chifukwa cha ulendo wokasangalala. Mmodzi wa gulu lathu anatiuza zoona patangotsala masiku awiri kuti tinyamuke, ndalama zake za malo ogona titalipira kale. Anatsala, ndipo anachita bwino kutsala, koma akanalankhula mwezi umodzi m'mbuyomo sakanaluza kalikonse. Choncho onani tsiku limene pasipoti ikutha, onani ngati muli masamba opanda kanthu oti adindepo, onaninso tsiku limene chilolezo chokhalira mu South Africa chikutha. Amene zake sizili bwino atsale, ndipo wina asamunyoze.

Galimoto nayo ili ndi mapepala ake. Tengani chikalata cha umwini wake, kapena kope yake yodindidwa ku polisi. Ngati galimotoyo ikadali pa ngongole ya banki, pemphani kalata ya banki yololeza kuitulutsa m'dziko, ndipo yambani msanga chifukwa siituluka tsiku lomwelo. Ngati ndi yobwereka kwa mnzanu amene sakupita nawo, alembe kalata yololeza. Ngati ndi ya hayala, auzeni eni ake poyera kuti mukupita ku Lesotho kudzera ku Sani Pass, akupatseni kalata yodutsira malire. Imbiraninso a inshuwalansi muwafunse funso limodzi lolunjika: galimoto itawonongeka ku Mokhotlong, tauni ya kumapiri a Lesotho, ndani adzalipire yoikoka mpaka kudutsa malire?

Galimoto yake ndi madalaivala ake

Kukwera Sani Pass kumafuna galimoto ya 4x4 yokwera m'mimba, ndipo apolisi a pa boda ya South Africa kumunsi kwa phirilo amatha kubweza galimoto yaing'ono. Kuchokera pa boda imeneyi kukafika pa boda ya Lesotho pamwamba pali makilomita pafupifupi 8 okha, koma m'makilomita amenewo mumakwera mamita pafupifupi 900 pa msewu wa miyala. Amene anakwerapo msewu wa Gorodi wochoka ku Chitimba kupita ku Livingstonia ali ndi chithunzithunzi chake: makona opindika ngati chigongono, phompho pambali, galimoto ikuyenda ngati munthu wa pansi.

Ngati mulibe 4x4, ulendo usafe. Lowerani ku Caledonspoort kufupi ndi Fouriesburg, mudutse Butha-Buthe, mukwere mpaka ku Sani Top pa tala yekhayekha, mukasuzumire phompholo muli pamwamba, kenako mubwerere njira yomweyo.

Anthu anayi pa galimoto imodzi ndiye mulingo wabwino. Asanu amathinana, ndipo galimoto yolemedwa imavutika m'mapiri kuposa mmene mukuganizira. Kumwamba mpweya ndi wochepa, moti injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ikafika pa mamita 3,000. Mukakhala ambiri pitani pa magalimoto awiri, ndipo zimenezi n'zabwinonso chifukwa ina ikafa ina imakafuna thandizo. Madalaivala akhale osachepera awiri pa galimoto iliyonse, onse a layisensi yosatha.

Kutatsala milungu iwiri, osati masiku awiri, pitani nayo galimoto kwa makaniko. Aone mabuleki ndi mafuta ake, madzi a mu radiyeta pamodzi ndi mankhwala oletsa madziwo kuundana, malamba a injini, batire, ndi matayala onse asanu. Tsitsani tayala la sipeya mulione ndi maso anu, muyesenso jeke ndi sipanala ya mawilo pabwalo panu. Onjezani chingwe chokokera, pampu, tochi, ndi matrayango awiri ofiira, popeza apolisi a pa msewu amawafunsa.

Ndalama: thumba limodzi, msungichuma mmodzi

Maubwenzi ambiri amathera pa filing'i siteshoni, pamene aliyense akuyang'ana foni yake podikira kuti wina atulutse khadi. Pewani zimenezi posonkha ndalama zonse za limodzi musananyamuke. Sankhani msungichuma mmodzi, makamaka amene sakuyendetsa, azilemba chilichonse m'kabuku kapena pa foni, ndipo madzulo aliwonse awerengere gulu zimene zatuluka.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Njira imene ndikulongosola m'munsimu ndi ya makilomita pafupifupi 1,600 kuchokera ku Johannesburg ndi kubwerera. Ngati galimoto yanu imamwa malita 12 pa makilomita 100, ndiye kuti mukufuna malita pafupifupi 190, ndipo onjezanipo gawo limodzi mwa magawo asanu chifukwa m'zitunda imamwa kwambiri. Ikanipo ndalama za matologeti a pa N3, kandalama kolipira msewu polowa ku Lesotho, malo ogona ndi chakudya cha limodzi. Pamwamba pa zonsezi pakhale thumba la mwadzidzidzi limene silikhudzidwa, ndipo likapanda kugwira ntchito mudzagawane pobwera. Mowa ndi mphatso za kunyumba aliyense adzigulira yekha.

Pali nkhani imodzi imene anthu amaiopa: galimoto ikawonongeka pa ulendo, alipira ndani? Maganizo anga ndi akuti tayala lophulika, galasi losweka ndi mwala, ndi ndalama zokokera galimoto zikhale za gulu lonse, pamene matenda akale a galimotoyo ndi a mwini wake. Mukhoza kugwirizana mosiyana, bola mugwirizane muli kunyumba. Mwini galimoto asasonkhe mofanana ndi ena, chifukwa iye waika kale chuma chake pa msewu.

Ndalama ya ku Lesotho ndi loti, zikachuluka amati maloti, ndipo mphamvu yake ndi yofanana ndendende ndi randi. Randi amalandira paliponse, choncho palibe chosinthitsa. Koma chenji amakupatsani maloti, ndipo maloti sagwira ntchito m'masitolo a mu South Africa, ndiye muwathe musanatuluke. Tengani ndalama za m'manja zokwanira, zing'onozing'ono, chifukwa kumapiri makina a khadi amadalira netiweki imene imabwera n'kupita.

Sankhani mwezi

April, May, September ndi October ndiyo miyezi imene ndingakulangizeni. Kuyambira June mpaka August kumagwa chipale chofewa ndipo madzi amaundana pa msewu, moti nthawi zina Sani Pass ndi misewu ya kumwamba imatsekedwa. Kuyambira November mpaka March kumakhala kobiriwira mokongola, koma masana kumabwera mvula ya mphezi ndi matalala, ndipo msewu wa miyala umaterera. Pa Isitala ndi pa Khirisimasi maboda akuluakulu amadzaza ndi Abasotho obwerera kwawo, monga mmene ife timadzazira pa Beitbridge ndi pa Mwanza.

Werengani maola, musawerenge makilomita

Apa ndi pamene ife tinalakwitsa, ndipo apa ndi pamene ndikupemphani kuti mumvetsere kwambiri. Munthu wozolowera N1 akaona makilomita 200 pa mapu amati maola awiri. Ku mapiri a Lesotho makilomita 200 ndi maola anayi kapena asanu, musanawerengere kuima kojambula zithunzi, nkhosa zodzaza msewu, ndi malole amene simungawapitirire pa makona. Nthawi imene foni ikukuuzani, onjezanipo theka lake. Lamulo lathu lachiwiri likhale ili: pofika 4 koloko madzulo mukhale mutafika pogona. M'miyezi yozizira dzuwa limalowa itangopitirira 5 koloko, misewu ilibe magetsi, ndipo abulu ndi mahatchi amagona pa tala chifukwa imasunga kutentha.

Tsiku loyamba ndi la msewu waukulu. Nyamukani mbandakucha, mutsike N3 kudzera ku Harrismith ndi Van Reenen, mukhote cha ku Howick mulowe R617 yodutsa ku Bulwer mpaka ku Underberg. Ndi ulendo wa maola asanu ndi awiri kapena kuposa. Gonani ku Underberg kapena ku Himeville, mudzaze thanki mpaka pakamwa, mugulenso madzi ndi kamba wa m'njira.

Tsiku lachiwiri ndi la Sani. Boda ya kumunsi imatsekula 6 koloko m'mawa n'kutseka 6 koloko madzulo, koma inu mukhale mutadindidwa pofika 9 koloko, mitambo isanasonkhane. Ikani 4x4 musanayambe chitunda, ndipo pamene makona ayamba kuthina lowetsani giya yamphamvu ija yotsika. Musasinthe giya pakati pa kona. Wokwera ndiye amapatsidwa njira, wotsika amaima pambali, koma musakakamire ufulu umenewu pamphepete pa phompho: mukaona malo otakata inu ndi amene muli nawo pafupi, imani. Mukumana ndi maminibasi a 4x4 onyamula anthu pakati pa Underberg ndi Mokhotlong, madalaivala ake amaudziwa msewuwu ngati chikhatho chawo, asiyeni adutse. Amene sakuyendetsa asakuwe, asagwire dalaivala paphewa kuti aone mathithi. Mukafuna chithunzi, imani pamalo otakata, mukoke handibuleki, muike mwala kutayala.

Pamwamba pali mamita 2,874, pali boda ya Lesotho, ndipo chapafupi pali malo omwera amene amatchuka kuti ndi okwera kuposa ena onse mu Africa. Amene ayendetse masana amenewo amwe tiyi. Mukhoza kugona pomwepo, kapena kupitiriza makilomita pafupifupi 50 pa tala kukafika ku Mokhotlong, kudzera pa Kotisephola, pamene msewu umapitirira mamita 3,200. Chakumpoto kwa msewu umenewu kuli Thabana Ntlenyana, ya mamita 3,482, nsonga yaitali kuposa zonse kumwera kwa Africa kuno.

Tsiku lachitatu ndi limene ine ndimalikumbukira kwambiri. Thirani mafuta ku Mokhotlong ngakhale thanki ili pa theka, kenako tengani A1 kulowera ku Butha-Buthe. Mudutsa pafupi ndi mgodi wa dayamondi wa Letšeng, kumene mu 2018 kunapezeka mwala wa makarati 910. Mudutsa pa Tlaeeng, pamenenso ndi pamwamba kuposa Sapitwa, kenako Afriski, kumene anthu amaseweretsa chipale chofewa m'nyengo yozizira. Mitengo kulibe. Ndi udzu, miyala, mphepo, ndi anyamata oweta nkhosa atafunda mabulangete, nkhope zitabisika m'zipewa za ulusi. Yembekezeraninso malole akuluakulu, chifukwa kufupi ndi Mokhotlong akumanga damu la Polihali.

Choopsa cha tsikuli chili kumapeto, pa matsitso a Moteng. Ndi tala yabwinobwino, n'chifukwa chake imapusitsa. Ife tinatsika titaponda buleki njira yonse, ndipo tisanafike kumunsi tinamva fungo la chinthu chopserera, buleki n'kuyamba kulowa pansi ngati siponji. Mabuleki akatentha kwambiri amasiya kugwira, ndipo mafuta ake akawira phazi limangofika pansi popanda chochitika. Tinapulumuka chifukwa panapezeka malo oima, ndipo tinakhala pamenepo theka la ola kudikira kuti azizire. Njira yake ndi yomwe madalaivala a pa Chiweta ndi pa Khwekhwerere amaidziwa: tsikani ndi giya yomwe mukanakwerera, yachiwiri kapena yoyamba, injini ndiyo igwire galimoto. Buleki muziiponda mwamphamvu kwa kanthawi n'kuisiya, osaigoneka phazi. Ngati galimoto ndi ya otomatiki, itsitseni giya ndi dzanja. Musaike fili potsika, ndipo musathire madzi pa mabuleki otentha. Gonani ku Butha-Buthe kapena ku Hlotse.

Tsiku lachinayi pitani ku damu la Katse. Kuchokera ku Hlotse mumadutsa ku Pitseng n'kukwera Mafika Lisiu, pa mamita 3,090, kenako mumatsikira ku madzi. Khoma la damuli ndi lalitali mamita 185. Linamangidwa potsatira pangano la mu 1986 pakati pa Lesotho ndi South Africa, ndipo madzi ake amayenda m'ngalande za pansi pa mapiri, n'kutulukira kufupi ndi Clarens, mpaka kukathira mu Vaal Dam. Ena mwa madzi amene timatsekula pa mpope ku Gauteng amachokera kumeneku, ndipo kuimirira pamwamba pa khomalo ukudziwa zimenezi kumagwira mtima. Pali anthu oonetsa alendo mkati mwa khomalo pa nthawi zoikika, funsani nthawizo pamene mukusungitsa malo ogona. Gonani ku Katse komweko, musayese kubwerera tsiku lomwelo.

Tsiku lachisanu bwererani ku Hlotse, mutulukire ku Maputsoe kulowa ku Ficksburg, boda imene imagwira ntchito usana ndi usiku, kenako Bethlehem ndi kunyumba. Koma ku ntchito pemphani masiku asanu ndi limodzi. Tsiku lapaderalo ndi la chifunga, la msewu wotsekedwa, la tayala lophulika. Munthu amene akudziwa kuti mawa m'mawa ayenera kukhala pa ntchito ndi amene amakakamiza gulu kuyenda usiku.

Thupi lanu pamwamba pa phiri

Kupitirira mamita 2,500 anthu ena amamva mutu, nseru, befu ndi kusowa tulo. Ochokera ku Johannesburg amakhala atazolowerako pang'ono popeza mzindawu uli pa mamita pafupifupi 1,750, koma ochokera ku Durban amanyamuka m'mphepete mwa nyanja n'kufika ku Sani Top tsiku lomwelo, ndipo iwo ndi amene amavutika kwambiri. Imwani madzi ambiri, chepetsani mowa usiku woyamba, musathamange. Wina akayamba kusanza kosalekeza, kudzandira kapena kubanika ali chikhalire, mankhwala ake ndi kutsika naye, osadikira kuti kuche bwino. Amene ali ndi BP, shuga, mphumu kapena amamwa ma ARV atenge mankhwala opitirira masiku a ulendo, awasunge m'chikwama cha m'manja, ndipo auze munthu mmodzi wa m'gulu amene amamukhulupirira.

Kuzizira kwake si kwa ku Dedza kapena ku Mzuzu mu June, kumaposa pamenepo, ndipo kukhoza kubwera mwezi uliwonse. Aliyense atenge jekete yochindikala, juzi, chipewa cha ulusi, magolovesi ndi nsapato zotseka, ndipo m'galimoto mukhale mabulangete awiri, madzi malita khumi ndi chakudya chosafuna kuphika, kuti mutagona pa msewu musavutike. Chonde musagone ndi mbaula kapena hita ya gasi m'chipinda chotseka. Utsi wake sununkha ndipo umapha anthu ali m'tulo.

Foni, apolisi ndi eni dziko

Koperani mapu a Lesotho mu foni musananyamuke kuti azigwira ntchito popanda intaneti, pa mafoni awiri osiyana. Mmodzi agule simu khadi ya Vodacom Lesotho kapena Econet mukafika m'tauni yoyamba. Siyani ndondomeko ya ulendo kwa m'bale amene watsala, ndipo muzimutumizira uthenga madzulo aliwonse mukafika.

Pa rodibuloko, imani pa chikwangwani cholembedwa kuti muime, ngakhale wapolisi ali patsogolo patali, ndipo musasunthe mpaka akukodoleni. Alendo ambiri amalipitsidwa chifukwa chodutsa chikwangwanicho n'kukaima pamene pali wapolisi. Mukalakwa pemphani risiti.

Abasotho amalemekeza moni monga ife. Bambo ndi ntate, mayi ndi 'm'e. Moni amalemba kuti lumela koma amatchula kuti dumela, ndipo zikomo ndi kea leboha. Mawu amenewa amatsekula makomo. Chakudya chawo sichidzakudabwitsani: papa ndi nsima, moroho ndi ndiwo zamasamba. Musajambule mbusa kapena nyumba ya munthu musanapemphe. Ana amaima m'mbali mwa msewu kupempha maswiti, koma musawaponyere kanthu galimoto ikuyenda, chifukwa amathamangira pa msewu. Ngati mukufuna kusiya kanthu m'mudzi, imani mugule buledi wophika pamoto kapena chipewa cha udzu chija chotchedwa mokorotlo.

Usiku woti mawa ulendo

Kumananinso komaliza. Ikani mapasipoti onse ndi mapepala a galimoto patebulo, aliyense awaone, muwajambule pa foni. Longedzani galimoto usiku womwewo, zolemera pansi, jeke ndi sipeya pamalo osavuta kufikira. Gawanani ntchito: wina ndalama, wina mapu ndi nthawi, wina chakudya, wina kuimbira malo ogona m'mawa uliwonse kufunsa mmene msewu ulili kutsogolo. Kenako gwirizanani chinthu chimodzi chotsiriza, ndipo aliyense avomere ndi pakamwa pake: dalaivala amene ali pa chiwongolero akanena kuti sakupitirira chifukwa cha chifunga, mdima kapena kutopa, galimoto iima pomwepo popanda mavoti, ndipo ndalama za malo ogona amene mwalephera kufikako zidzatuluka m'thumba la mwadzidzidzi lija.